Udzu Wopesa

Udzu ulipo wa mitundu iwiri. Pali umene umamera wokha, anthu n'kumautukwana, ndiye pali umene anthu amachita kugula, kuubzala m'mizere, mpaka kuulembera munthu ntchito. Wa pa mafulati a kampani ina m'tauni unali wachiwiriwu, ndipo munthu wake anali a Sizasi. Dzina lawo lenileni linatsalira m'failo ku ofesi. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri aliyense ankawadziwa ndi chisizasi chachikulu chodulira maluwa chimene ankachipanira m'khwapa ngakhale popita kokagula buledi.

Ntchitoyo inkabwera ndi nyumba. Kuseri kwa mafulati, ukadutsa pa zingwe zoyanikapo zovala ndi pa migolo ya zinyalala, panali kanyumba ka zipinda ziwiri, mpopi wake uli pakhomo pomwepo. Lamulo la kampani silinkapita m'mbali: nyumbayo ndi ya munthu amene akugwira ntchito ya m'maluwa. Ukadwala kupitirira mwezi amakupumitsa ndi mawu okoma kwambiri, amakugwira chanza, n'kukupatsa milungu iwiri yoti ulongedze. Mkazi wa a Sizasi, amene anthu a m'mafulati ankangomutchula kuti mayi wa kuseri, lamulolo analiona ndi maso ake pa mlonda wakale. Ndi iye amene anamuthandiza kukweza matiresi pa lole. Ndiye tsiku limene a Sizasi anagwa m'bafa, mkono wamanja ndi mwendo n'kukana kuwamvera, mayiyo analira masiku awiri kuchipatala, lachitatu n'kuyamba kuganiza za nyumba.

Musamuweruze msanga. Kopita kunalibe. Mwana wawo, mmodzi yekhayo, anakwatiwa kutali, ndipo kumeneko anthu asanu ankagona chipinda chimodzi, wotsiriza akuchita kugona chopingasa kumiyendo.

Adokotala anati ndi sitiroko, koma yaing'ono. Mayiyo anayang'ana mwamuna wake akulimbana ndi supuni, n'kudzifunsa kuti yaikuluyo ndiye imakhala yotani. Pakamwa panapulumuka, mawu ankatuluka ndithu, kungoti limodzilimodzi, ngati akuchita kuwasankha. Mwendo unkakokeka. Mkono ndiye unangoti lende, osamva ngakhale kutsina. Masiku asanu amene anakhala kuchipatala udzu unadziyang'anira wokha, ndipo palibe amene anadandaula. Anabwerera kunyumba Lamlungu masana, nthawi imene anthu a m'mafulati amakhala atakhuta n'kutseka makatani.

Lolemba m'mawa mayi wa kuseri anatenga ovololo ya mwamuna wake pa msomali, napinda miyendo yake katatu, nazika mutu m'chipewa chansalu.

"Mukupita kuti?" anafunsa a Sizasi ali pabedi.

"Kuntchito."

"Ntchito ya ndani?"

"Yanu. Kodi muli ndi ina?"

"Akuonani."

"Inuyo anakuonanipo liti?"



Ndipo zinalidi choncho. Munthu wa m'maluwa sayang'anidwa kumaso. Anthu amatsika masitepe mothamanga, makiyi a galimoto ali m'manja, akaona ovololo yobiriwira itawerama penapake basi apereka moni kwa ovololoyo. "Mwadzuka bwanji a Sizasi?" Mayiyo ankangokweza dzanja m'mwamba osatembenuka, wofunsayo n'kuti, "Ifenso tadzuka," ali kale m'galimoto. Bambo wina wa pa nambala naini anafika poima kumbuyo kwake n'kunena kuti, "Koma a Sizasi mwanenepa masiku ano. Zikuyenda." Mayiyo anakweza dzanja. Masana anakawafotokozera amuna ake, akuyembekezera kuti aseka. Sanaseke. Anafunsa ngati a nambala naini akuimikabe galimoto pa kapinga.

Amene ankadziwa anali mlonda yekha, poti mlonda amadyera kuyang'ana nkhope za anthu. Anali mkulu wochepa mawu, wa jekete limodzi kutenthe kuzizire. Tsiku loyamba lomwelo anayenda pang'onopang'ono kuchoka pa geti, naima pafupi ndi ovololo ija akuyang'ana kumwamba.

"Ine sindinaone kanthu, mayi," anatero. "Koma paipi yothirira a Sizasi sakoka chonchi. Amapinda."

Kuthirira, kusesa, kupalira, zimenezo sizinamuvute. Kunena zoona, zaka zonsezi mayiyo ankaiona ntchito ya mwamuna wake ngati masewera olipidwa. Munthu wamkulu, wa imvi, kumadzuka m'mawa kukalera udzu wosadyedwa, wosafolera nyumba, woti ngakhale ng'ombe ikhoza kuudutsa. Sankanena, poti ndi umene unkawagoneka m'nyumba, koma ankaganiza. Woopsa kwa iye sanali udzu ayi, anali a Manijala, amene ankabwera Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, teni koloko, kudzayendera malo. Ulendo woyamba Mulungu anathandiza: kunagwa mvula, iwo anangotsitsa galasi la galimoto, kuona ovololo ili patali, n'kubwerera. Koma mwezi umatha, ndipo m'kati mwa mwezi umenewo nthawi yodula udzu inakwana.

Zenera la kuchipinda kwawo linkayang'ana kumpanda, kumene kunali mzere wa udzu wautali kuposa munthu, wa ngayaye zoyera. Tsopano unali utauma, wina utagwera m'njira, ndipo ngayaye zake zinkauluka n'kumakamatira pa zovala za anthu zoyanikidwa. A Sizasi ankaswera pa mpando pa zenera pomwepo, kampira kamene anawapatsa kuchipatala kuti azifinya kali pansi, maso ali pa udzu.

"Wafika," anatero tsiku lina. "Tikachedwa, watsopano uyamba kuphuka pansi, ndiye tidzadulira limodzi."

"Ndidula mawa."

"Mudula bwanji?"

"Bambo, udzu ndi udzu. Ine ndinayamba kumweta inu musanandidziwe."

"Uja munkamweta kuti uchoke. Uwu umadulidwa kuti ubwere."

Anamuphunzitsa madzulo onse, tsache ataliimika pakati pa chipinda kuti likhale chitsanzo. Choyamba umamanga. Umatenga chingwe, kuzunguliza phata lonse m'chiuno, kukoka mpaka udzu utaima pamodzi, n'kumanganso chakumtunda. Ukatero ndiye umadula, zikhatho ziwiri kuchokera pansi, osatsika, chifukwa ukatsika walasa mtima wake. Mtolo umagwa wathunthu uli womangamanga, iwe n'kungounyamula kukaponya pa wilibala, osabalalitsa masamba pabwalo ponse. Kenako umagwada n'kuchotsa ndi zala zinyalala zimene zatsalira m'chiputu kuti mpweya uzilowa. Manja a ovololo osapinda, chifukwa masamba ake amacheka ngati lezala. Ndipo poti kufuula sakanatha, anagwirizana za supuni: akagogoda zenera kamodzi ndiye kuti kwezani sizasi, kawiri tsitsani.

Tsiku loyamba supuni inalira mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati pali amene akukhoma msomali. Mapata analipo makumi atatu ndi anayi, ndipo chisizasi chija chinkalemera kuposa mmene chinkaonekera m'khwapa mwa eni ake. Matuza anatuluka, naphulika, natulukanso. Mayiyo ankatukwana chamumtima: udzu, kampani, amene anayambitsa zobzala udzu, ndi supuni imene. Tsiku lachiwiri supuni inalira kasanu. Tsiku lachitatu sinalire n'komwe, moti atadula phata lotsiriza anathamangira m'nyumba kukaona ngati bambo ali moyo. Anawapeza ali tcheru pa zenera, supuni ili pa ntchafu.

"Si zoipa," anatero a Sizasi.

Inu simungamvetse. M'zaka makumi atatu za ukwati mawu amenewo anali atawanenapo kamodzi kokha, tsiku limene anaona mwana wawo wakhanda. Mayiyo anatuluka n'kukaima pa mpopi akumwetulira yekha. Anakondwa, ndipo chifukwa chokondwera chinalipo. Koma paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kutsogolo kwa mafulati, mbali zonse ziwiri za masitepe olowera, kumene zenera la a Sizasi silinkafika, kunali udzu wina. Unali waufupi, wosafika m'maondo, wa masamba opyapyala obiriwira motuwira, umene onse ankangouti wabuluu. Unamera timagulu tozungulira, mzere uku mzere uko. Lachinayi m'mawa akusesa pamenepo, mayiyo anauyang'ana ndi diso latsopano, diso la munthu wodziwa ntchito, n'kuona kuti nawonso uli ndi masamba ouma m'kati. Bambo anali asanautchule. Anaganiza kuti aiwala, poti matendawa amaiwalitsa, ndipo anawamvera chisoni. Anaganizanso kuti akawadzidzimutsa ndi ntchito yothaitha, mwina mawu aja atuluka kachitatu.

Womanga ndi chingwe sunali, unachepa. Zikhatho ziwiri sizikanathekanso pa udzu wa zikhatho zitatu, ndiye anachita masamu ake n'kuganiza zosiya zala zitatu. Ntchito inayenda mosavuta. Ali pakati pa mzere woyamba mlonda anabwera, naima, natsegula pakamwa, natsekanso.

"Pali vuto?" anafunsa mayiyo.

"Ayi. Ine za udzu sindidziwa. Kungoti pamenepa sindinawaonepo a Sizasi ndi sizasi. Amangogwada n'kumausisita."

"Kuusisita?"

"Zaka zinayi ndakhala ndikuganiza kuti amapemphera."

Mayiyo anaseka, napitiriza. Pofika leveni koloko masitepe anali ndi mizere iwiri ya tiziputu tofanana bwinobwino, ndipo wilibala inali itadzaza. Mayi wina wa pa nambala folo, potsika ndi chikwama chake, anaima n'kuuza ovololo kuti paoneka paukhondo kwambiri, bwenzi zikumachitika chaka chilichonse.

Njira yopita kudzala inkadutsa pansi pa zenera. Mayi wa kuseri anayenda pang'onopang'ono dala, naimika wilibala pamene bambo angaione bwino, nachita ngati akukonza chipewa. Anadikira. Atakweza maso anaona nkhope ya mwamuna wake kuseri kwa galasi, n'kudziwa kuti zalakwika. Anasiya wilibala pomwepo nalowa.

"Mwadula wabuluu," anatero a Sizasi.

"Eya."

"Mapata angati?"

"Onse. Sindinasiye ndi limodzi lomwe."

A Sizasi anatseka maso.

"Uja sadula. Suuma ngati wautali uja. Umavala magolovesi a labala, n'kulowetsa zala m'kati, n'kumakoka pang'onopang'ono chokweza. Masamba ouma amatsatira zala, amoyo amatsala. Amachita kupesa."

"Kupesa udzu."

"Kupesa."

"Nanga osanena bwanji?"

"Simunafunse."

"Ndikanafunsa bwanji, bambo? Munthu wabwinobwino angadzuke m'mawa n'kufunsa ngati udzu amapesa?"

Mayiyo anakhala pa bedi, chipewa chili m'manja.

"Uphuka?"

"Wina uphuka. Wina ufa. Umene uphukewo udzayamba kuoneka ngati udzu pakatha miyezi itatu."

"A Manijala akubwera Lolemba."

"Masiku ndikuwadziwa."

Onse awiri ankadziwanso china. Udzu umenewo anausankha ndi a Manijala eni ake, ndipo unali chinthu choyamba chimene ankaona akatsika galimoto. A Manijala ankawadziwa a Sizasi: munthu woti akhoza kuiwala zaka za mwana wake, koma sangayandikize sizasi pa wabuluu. Akangoona tiziputu tija sadzafunsa kuti chachitika n'chiyani. Adzafunsa kuti wagwira sizasi ndani, ndipo eni ake ali kuti.

Amati madzi akatayika saoleka, koma mayi wa kuseri anayesa. Anathirira m'mawa, masana ndi madzulo mpaka a Sizasi anamuletsa kuti aoletsa mizu. Lachisanu m'mamawa anapita kudzala, natola masamba aja, n'kuyamba kuwazika m'tiziputu limodzilimodzi. Pofika seveni koloko mapata atatu ankaoneka ngati amoyo, ukawayang'ana uli patali komanso uli ndi mtima wachifundo. Naini koloko kunabwera mphepo. Mlonda anamuthandiza kusesa poimika magalimoto.

"Ndikhoza kunena kuti kunalowa mbuzi," anatero atamaliza.

"Mbuzi yodya mofanana chonchi?"

Mlonda anayang'ana mizere ija, navomereza kuti mbuzi yotero sanaionepo.

Anachita mantha mayiyo, mantha enieni. Anachitanso manyazi. Milungu isanu ndi umodzi anasenza chinsinsi bwinobwino popanda womugwira, ndiye wadzigwira yekha chifukwa chofuna kuyamikiridwa ndi nkhalamba ya supuni. Loweruka anapita kugolosale n'kukapempha makatoni anayi, nawabisa kuseri kwa chitseko. M'nyumba ya zipinda ziwiri simubisika kanthu. A Sizasi anawaona makatoniwo, natembenuza mpando, nawayang'ana tsiku lonse. Lamlungu masana anati, "Mundimete ndevu. Ovololo ija muichape, mawa ndivala ndine."

"Mukufuna mukatani?"

"Ndikufuna ndikhale panja."

Kuchokera pa bedi kukafika pa mpando umene anauika pakhomo panali mapazi khumi ndi awiri, ndipo Lolemba m'mawa anawayenda mphindi khumi. Ovololo inawakulira, anali ataonda. Mayiyo anawakhazika, natenga dzanja lakufa lija n'kulilowetsa m'thumba monga anamuuzira, naika chisizasi pa miyendo, kabotolo ka oilo pambali, kansanza m'dzanja lamanzere. Ukanawaona ukanati ndi munthu amene wakhala pansi kuti apukute chida chake. Iye anavala diresi lake, natenga beseni la mbale, nakhala pa mpopi kuti manja akhale ndi chochita.

A Manijala anafika teni koloko yeniyeni. Anali mayi wamfupi, wa magalasi olendewera pa kachingwe, failo nthawi zonse ili pachifuwa. Pa zaka khumi ndi chimodzi palibe amene anawamvapo akukweza mawu, n'chifukwa chake aliyense ankawaopa. Kuchokera kuseri sankaoneka, koma mayiyo anamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa, kenako kunangoti zii. Anatsuka mbale imodzi katatu. Patapita nthawi anawaona atatulukira kumpanda, akuyenda m'mbali mwa ziputu za udzu wautali. Pa chiputu china anawerama, nayeza ndi chikhatho, kamodzi, kawiri. Kenako anadutsa pansi pa zingwe zoyanikira, nafika pakhomo.

"Mwadzuka bwanji a Sizasi? Mwadzuka bwanji mayi?"

"Tadzuka bwino, kaya inu abwana," anayankha a Sizasi. "Mundikhululukire sindiimirira, bondo lavuta."

"Khalani." A Manijala anavala magalasi. "Udzu wa pa masitepe wadula ndani?"

Mayiyo anaika mbale pansi. Mawu ake anali atawakonzeratu, kuyambira pa bafa mpaka pa wilibala, ndi kupempha kuti awapatseko mwezi m'malo mwa milungu iwiri. Anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba chiyambire matendawo mwamuna wake anamupambana liwiro.

"Ndine."

"Inu?"

"Ine."

"Inu amene munandikalipira pamaso pa anthu chaka chija, nditangothothola tsamba limodzi kuti ndione ngati lauma?"

"Ndakalamba, abwana. Ndinamaliza wautali, dzanja litazolowera, ndinangopitirira. Ndinalakwitsa."

Mayi wa kuseri akanakonda akanawamenya ndi beseni lomwelo. Bambo awa anali asanavomerepo ngakhale kuti ndi iwo amaliza shuga. Analibe galimoto, analibe munda, analibe satifiketi yopachika pakhoma. Chimene anali nacho n'chakuti pa zaka makumi awiri ndi ziwiri sanadulepo tsamba losayenera kudulidwa, ndipo chimenecho anachipereka atakhala pa mpando, ngati akubwereketsa machesi. Mayiyo anamva chisoni chimene sanachimve ngakhale tsiku la kuchipatala.

A Manijala anatsegula failo.

"Mukudziwa kuti pamenepa ndiyenera kulemba kalata yochenjeza."

"Lembani."

"Ikhala yoyamba m'failo mwanu."

"Ndikudziwa."

Analemba ataimirira, failo itatsamira pa mkono, kaboni ali pansi pa pepala. Atamaliza anaika failoyo pa miyendo ya a Sizasi, pamwamba pa chisizasi, natambasula bolopeni.

"Musaine apa."

Zimenezi palibe amene anaziganizira. Bolopeni inaima m'malere chakumanja, kumene kunali thumba. Mpopi unkadontha m'beseni. A Sizasi anasiya kansanza kaja, napititsa dzanja lamanzere mopingasa, nailandira.

Dzina lawo silinali lalitali, koma linatenga nthawi. Chilembo choyamba chinatuluka chachikulu ngati cha mwana woyamba kumene sukulu. Chachiwiri chinatsetsereka n'kutsika mzere. Failo inkafuna kugwa poti panalibe dzanja loigwira, ndipo iwo ankaipanikiza ndi chigongono, thukuta likutsika m'masaya. Pa chilembo chachinayi bolopeni inaboola pepala. Mayiyo anafuna kudzuka kuti akagwire failoyo, koma anadziwa kuti akangodzuka zonse zathera pomwepo, ndiye anakhala. Nthawi yonseyo a Manijala ankayang'ana malaya a anthu amene anali pa chingwe, ngati kuti m'moyo wawo sanaonepo malaya.

"Ndamaliza," anatero a Sizasi.

A Manijala anatenga failo, nayang'ana dzinalo. Anatsegula tsamba lakumbuyo pamene panali siginecha ya chaka chatha, yoongoka, ya kamchira kumapeto. Anayang'ana thumba la ovololo. Kenako anayang'ana manja a mayi wa kuseri, amene anali atatuluka m'madzi mwini wake osadziwa, ali ndi matuza ophulika ndi timabala todutsana m'zala monse. Mayiyo anawabweza m'beseni, koma mochedwa. Anaweramitsa mutu kudikira mawu okoma aja, akuganiza kale kuti makatoni anayi sakwana.

"Wautali uja mwadula bwino," anatero a Manijala, osayang'ana aliyense.

"Zikomo," anayankha onse awiri.

A Manijala anatsegula tsamba lina la m'failo, nakonza magalasi.

"Mayi, nsapato mumavala nambala chani?"

"Ine?"

"Inu."

"Faifi."

"A Sizasi akufunika majombo atsopano. Ndilemba faifi." Analemba. "Wabuluu umene ufe muuzule, ndidzatumiza wina. Ine ndimabwera Lolemba loyamba la mwezi, teni koloko. Tsiku lina sindibwera, ndipo ndikabwera ndimayang'ana udzu." Anathothola pepala la pansi pa kaboni, naliika pa mwendo wa a Sizasi. "Lanu ili. Bondolo muzipita nalo kuchipatala, musamadumphe masiku."

Anatsanzika monga mwa masiku onse, nabwerera pansi pa zingwe.

Mayiyo anamvetsera mpaka galimoto itatuluka pa geti. Anakhala pa simenti yonyowa, nalira. Nyumba yatsala. Ankafuna kuseka, ankafuna kukaponya makatoni aja kudzala nthawi yomweyo, ankafuna kuthamangira ku geti kukauza mlonda. Koma a Sizasi sankamuyang'ana. Ankayang'ana pepala.

"Magalasi anga ali m'nyumba. Tawerengani."

Anapukuta manja pa diresi, nalitenga. Inali mizere itatu. Inkati wantchito wa m'maluwa wadula udzu wosayenera kudulidwa chifukwa chosasamala ntchito yake, ndipo wavomera kulakwa.

"Bwerezani."

Anabwereza, ndipo pofika pa "chosasamala" anatsitsa pepala.

"Bambo, ndiling'ambe. Ndi bodza ili. Kapena ndiwatsatire ku ofesi ndikanene kuti ndine, alembe dzina langa."

"Dzina lanu lilibe nyumba," anatero a Sizasi. "Lipindeni bwino, mukaliike m'sutikesi pamodzi ndi mapepala a ukwati. Limeneli ndiye pepala la nyumba."

Mayiyo analipinda kanayi. A Sizasi anayang'ana kumpanda kwa nthawi yaitali, misozi ikuyenda, osaipukuta. Phewa lawo lamanja linkagwedera pang'ono, n'kusiya, n'kugwederanso.

"Mayi," anatero, "tanditulutsani dzanjali m'thumba. Ndayesa, likukana."

Anagwada nalitulutsa, ndipo sanalisiye msanga.